Momwe mungadzukire m'mawa nyengo yozizira ino

Mu June ndi July, makamaka kuno ku Blantyre chiperoni chikagwa, bulangete limachedwetsa anthu ambiri kuposa minibasi. Dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, pomwe mu November 5 koloko kumakhala kutayera kale. Ndiye ngati mumakhala ku Bangwe kapena ku Chirimba, ntchito n'kumayamba 7:30, palibe kuchitira mwina, mudzuka kudakali mdima. Zimene zimandithandiza ine ndi izi.

Yambani ndi masamu. Azaumoyo amati munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Mukafuna kudzuka 5 koloko, ikamakwana 10 koloko usiku mukhale muli m'neti. Apa ndi pomwe ambiri zimatikanika. Mpira wa Champions League umayamba 9 kapena 10 koloko usiku nthawi ya kuno, ukamatha ndiye kuti tsiku latsala pang'ono kusintha, kenako mukangane kaye pa gulu la WhatsApp za penate. Mabandulo a usiku nawonso ndi otchipa, munthu umati ndingoona kavidiyo kamodzi pa TikTok, pozindikira 1 koloko. Ngati munazolowera kugona pakati pa usiku, musalumphe kufika pa 10 koloko tsiku limodzi, mudzangokhala maso muli tong'o mumdima. Muzibweza mphindi 15 kapena 20 usiku uliwonse mpaka mufikepo.

Tiyi ndi khofi zilekeni dzuwa likapendeka. Caffeine amene ali m'zakumwazi, wothawitsa tulo, sachoka msanga m'thupi, pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadalimo, ndipo zakumwa zija amati zopatsa mphamvu ndiye zimakhala naye wambiri. Mowa umagonetsa msanga inde, koma tulo take n'todukaduka.

Za kusita zovala ndi kulongedza chikwama usiku sindichulukitsa, aliyense amadziwa kuti zovala umasita magetsi akadalipo. Chimene ambiri saganizira ndi madzi osamba. Munthu ukakumbukira kuti uyenera kukoleza mbaula panja kuzizira konseku, umabwereranso m'bulangete. Wiritsani madzi usiku pa moto womwe mwaphikira nsima, muthire mu fulasiki yaikulu, m'mawa mungosakaniza ndi ozizira m'ndowa. Pogula fulasiki thiranimo madzi otentha tsiku lomwelo, kunja kwake kukamatentha ndiye kuti sisunga kanthu, ibwezeni. Koma chonde mbaula isagone m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha, ndipo anthu amafera kutulo nawo.

Tsopano alamu. Apa ndikhalitsapo chifukwa pananditayitsa tikiti ya basi. Ndinali ndi ulendo wa ku Lilongwe m'mamawa, magetsi anathima madzulo, foni ili ndi moto wochepa. Sindinade nkhawa, ndinali nditagula power bank kwa mnyamata wina wogulitsa m'mbali mwa msewu, yolembedwa 50,000mAh, yolemera bwino m'manja, timagetsi take tonse tinayi tikuwala. Ndinalumikiza, ndinatchera alamu, ndinagona. Chinandidzutsa ndi phokoso la ana opita ku sukulu. Foni inali itathima, power bank nayonso zii. Titaitsegula ndi mnzanga wokonza mafoni tinapezamo kabatire kamodzi kakang'ono, malo otsalawo anaikamo timatumba ta mchenga kuti izilemera. Mnyamatayo nditamupeza anangoti, "Bwana, ife timangopikula, sitipanga."

Ndiye alamu yanu isadalire magetsi a usiku umenewo. Ngati mukugulabe power bank, iyeseni masana, osati usiku woti mawa muli ndi ulendo. Ya 10,000mAh yeniyeni imadzaza foni ya masiku ano kamodzi n'kutsalako moto. Mukaona kanthu kokwana m'thumba la malaya kolembedwa manambala akuluakulu, mtengo wake uli wofanana ndi wa chaja, kasiyeni. Gulani m'shopu yopereka lisiti, poti mudzapeza pobwerera.

Koma njira yachidule ndi kafoni ka mabatani. Batire lake limakhala masiku angapo, mulibe Facebook yoti ikunyengeni, ndipo pa tambiri mwa timafoni timeneti alamu imalira ngakhale mutatithimitsa (yesani kanu kaye, si tonse). Kogwiritsidwa kale ntchito kamakwanira, bola sipika ikhale yolira. Wotchi ya pa tebulo yoyendera batire la AA nayo ndi yabwino, kungoti mabatire otchipa aja ogulitsa mulumulu amafooka mwakachetechete, wotchi n'kumatsalira m'mbuyo inu osadziwa. Mtengo sinditchula, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 ukatchula mtengo lero sabata yamawa umaoneka wabodza.

Poika alamu ndi pofunikanso. Isakhale pansi pa pilo kapena mkati mwa neti, chifukwa dzanja limathimitsa lokha mwiniwake ali mtulo. Iikeni patali, pa windo kapena pafupi ndi chitseko, poti mufunika kufunyulula neti ndi kuponda pansi pozizirapo kuti muifike. Ngati ndinu a tulo tofa nato, ikani kafoniko m'beseni lachitsulo, phokoso lake ngakhale aneba adzalimva. Muwauziretu amene mumagona nawo chipinda chimodzi, zisadzabweretse milandu. Ndipo tcherani alamu imodzi, pa nthawi yeniyeni yodzukira. Zotchera 4:30, 4:40, 4:50 n'kumadina snooze (batani loti alamu idzalirenso pakapita mphindi zingapo) zimangokuberani theka la ola la tulo tabwino, m'malo mwake n'kukupatsani tulo tosapita kulikonse. Tambala musamudalire, wa aneba anga amalira ngakhale 2 koloko. Amene muli pafupi ndi mzikiti kuitana kwa m'bandakucha kumathandiza, koma nthawi yake imasuntha ndi nyengo.

Zotsalazi n'zosavuta. Ikalira imirirani, yatsani getsi kapena tochi, kukakhala kwayera tsegulani katani, chifukwa kuwala ndi kumene kumauza thupi kuti kwacha. Mutu ukhalabe wolemera kwa mphindi 15 mpaka 30, zimenezo zimachitikira aliyense, musakhale pa bedi kudikira kuti zithe. Sukusulani, imwani madzi, pindani bulangete. Loweruka ndi Lamlungu musachedwe kuposa ola limodzi pa nthawi yanu yodzukira, apo ayi Lolemba muyambiranso. Tulo ta masana tisapitirire mphindi 20 kapena 30.

Ngati mwachita zonsezi kwa masabata angapo, mukugona maola okwanira koma mukudzukabe otopa ndi kumawodzera mu minibasi, pitani ku chipatala. Malungo, kuchepa kwa magazi ndi shuga zimafoola chonchi. Afunseninso a kunyumba ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, zimenezonso mukawauze adokotala.