Momwe mungamvetsere dzina ndi uthenga wa filimu ya ulendo wa m'mlengalenga

Loweruka lapitali mng'ono wanga anabwera kwathu ku Chinamwali ndi filimu pa memory card, imodzi mwa zija za anthu okwera chombo kupita kumapulaneti akutali. Itatha ndinamufunsa zimene watolapo. Anati, "Achimwene, anthu aja anangopita kumwamba, ena anafera komweko, mmodzi anabwerako. Basi." Komatu ndinali nditamuona akupukuta m'maso pamene mwana wa m'filimumo ankatsanzikana ndi bambo ake. Mtima wake unamva ndithu, anangosowa pogwira kuti afotokoze. Njira imene ndinamuonetsa madzulo amenewo ndi iyi.

Choyamba: pezani dzina lenileni

Mafilimu amene timaikitsa m'mafoni pamsika kapena ku Mpondabwino nthawi zambiri amafika atasinthidwa mayina. Omasulira m'Chichewa amatithandiza kwambiri, koma amakonda kupereka dzina lokoka anthu, osati limene eni filimu anasankha. Imitsani filimuyo pamene dzina likuoneka, kaya koyambirira kaya kumapeto, ndipo mulilembe monga momwe lilili.

Chachiwiri: ligaweni dzinalo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kwathu kuno mukamva kuti mwana ndi Mavuto, Masiye kapena Pilirani, mumadziwiratu kuti pakhomopo panachitika zinazake asanabadwe. Dzina la filimu nalonso limasenza mbiri chimodzimodzi, kungoti mbiriyo imabisala m'Chilatini ndi m'Chigiriki.

Mawu ake ndi ochepa, mutha kuwaloweza lero lomwe. M'Chilatini stella ndi nyenyezi, sol ndi dzuwa, luna ndi mwezi, terra ndi dziko lapansi, inter ndi pakati pa zinthu. Choncho interstellar ndi malo a pakati pa nyenyezi, kumene kulibe pokocheza. Liwu loti astronaut ndi la Chigiriki: astron nyenyezi, nautes munthu wa m'ngalawa. Kwa olemba nkhanizi mlengalenga ndi nyanja, ndipo oyendamo ali ngati asodzi a pa Chilwa amene akalowa pamadzi, otsala kumtunda amangodikira.

Liwu limene ine ndimalikonda ndi odyssey. Likuchokera ku dzina la Odysseus, mfumu ya ku Ithaca m'nthano za Agiriki, amene anatha zaka 10 akuvutika panyanja pobwerera kwawo itatha nkhondo ya ku Troy. Mukaliona m'dzina la filimu, musachite chidwi kwambiri ndi kumene anthuwo akupita. Yang'anani njira yobwerera, ndi amene akuwadikira.

Chachitatu: musalumphe dzina la chombo

Limalembedwa m'mbali mwa chombo kapena pamalaya a oyendetsa, ndipo ambiri sitiliwerenga n'komwe. Chombo chikatchedwa Icarus, wolemba wakunong'onezani kale mathero, pakuti Icarus ndi mnyamata wa m'nthano amene anauluka pafupi kwambiri ndi dzuwa, phula lomata mapiko ake n'kusungunuka. Prometheus ndi uja anaba moto kwa milungu n'kupatsa anthu, nalangidwa koopsa. Endurance, kutanthauza kupirira, linali dzina la sitima ya Ernest Shackleton imene inanyamuka mu 1914 kupita ku Antarctica n'kuphwanyidwa ndi madzi oundana mu 1915, koma anthu onse 28 anapulumuka. Ngakhale pa maulendo enieni mayina amalankhula: mbali ya chombo cha Apollo 13 imene inabweretsa amuna 3 padziko mu 1970, thanki ya mpweya itaphulika asanafike kumwezi, inkatchedwa Odyssey.

Chachinayi: oneraninso, tsopano muli ndi kope

Ulendo woyamba ingoonerani, musadzivute. Wachiwiri funsani kuti wapita ndani, watsala ndani, ndipo chamuchotsa pakhomo n'chiyani.

Ine ndimakhulupirira kuti filimu yabwino ya m'mlengalenga imakamba za pansi pano. Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo. Agogo athu anapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito, ena n'kutchona, ena n'kubwerera atapeza mwana amene anamusiya kumsana ali ndi banja lake, akuwapatsa moni ngati mlendo. Ndiye mukaona bambo wa m'filimu akumvetsera mauthenga a mwana amene wakula iye kulibe, musati ndi za azungu. Mutu wake ndi womwewo: munthu kusiya amene amawakonda pofuna kuwapulumutsa, ndi mtengo umene amalipira.

Chimene chawachotsa padziko nachonso chilembeni. Ngati ndi chilala, fumbi ndi mbewu zokana kumera, filimuyo ikufunsa za momwe tikusamalira nthaka. Amene anaona nyanja ya Chilwa itauma mu 1995, kapena amene amakweza maso n'kuona zipsera za moto ndi zitsa m'phiri la Zomba, safunika womumasulira. Ngati ndi kampani imene yatuma antchito kukafuna chuma, osasamala kuti abwerako kapena ayi, mutu ndi dyera. Ngati kompyuta ya m'chombo yayamba kusankha yokha woti akhale ndi moyo, funso ndi lakuti munthu n'chiyani, ndipo angapereke mphamvu zochuluka bwanji kwa chinthu chimene anachipanga yekha.

Chachisanu: siyanitsani sayansi ndi zopeka

Osati n'cholinga chogwira olemba bodza ayi, koma chifukwa pamene asunga choona, nthawi zambiri pali uthenga.

Zoti nthawi imayenda mosiyana si nthano. Albert Einstein anazifotokoza mu 1905 ndi mu 1915: wothamanga kwambiri, kapena wokhala pafupi ndi chinthu cha mphamvu yokoka yaikulu, nthawi yake imachedwa. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS, amene foni yanu imadalira, amatsogola pang'ono tsiku lililonse poyerekeza ndi a pansi pano, ndipo akatswiri amachita kuwakonzeratu. Wolemba amatenga choona chimenechi n'kuchikulitsa mpaka kholo likhale laling'ono kuposa mwana wake, kuti muone kuwawa kwa zaka zotayika.

M'mlengalenga mulibenso mpweya wonyamula phokoso. Filimu ikakhala zii pamene chombo chikuphulika, musakweze voliyumu, akufuna mumve kusungulumwa. Uthenga wa wailesi wopita ku Mars umatha kutenga mphindi zoposa 20 pulanetiyo ikakhala kutali, choncho wofuula kuti athandizidwe amayankhidwa zinthu zitachitika kale. Kutalikako ganizirani izi: Voyager 1, chombo chopanda anthu, inanyamuka mu 1977, inafika m'malo a pakati pa nyenyezi mu 2012, koma kuti iyende mtunda wofanana ndi wopita ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, pangafunike zaka zoposa 70,000. Mukaona anthu afika ku nyenyezi ina m'masabata ochepa, pamenepo ndiye zopeka, zilekeni zipite.

Chachisanu ndi chimodzi: gwirani chobwerezedwa

Wotchi, chithunzi cha banja, kambewu ka m'chitini, nyimbo imodzi yomweyo. Chinthu chikaoneka katatu, chilembeni pamodzi ndi amene wachigwira komaliza.

Pomaliza: bwererani ku dzina lija

Dzifunseni ngati likutanthauzabe zimene munkaganiza poyamba. Dzina labwino limakhala ndi nkhope ziwiri. Gravity ndi mphamvu imene imakokera zinthu pansi, komanso m'Chingerezi ndi kulemera kwa nkhani, ndipo m'filimu lingathe kukhala chimene chikukokera mtima wa munthu kwawo. Kenako nenani uthenga wonse m'chiganizo chimodzi, musonyeze malo awiri m'filimumo amene akuchitira umboni. Mukasowa malowo, ndiye kuti mwaikamo maganizo anuanu, yambiraninso. Mnzanu akamva mosiyana nanu koma ali ndi umboni wake, mumvereni bwino, chifukwa mwina waona pamene inu munaphethira.

Mng'ono wanga anaoneranso filimu ija Lamulungu masana, kope lili pabondo. Usiku magetsi atazima tinakhala pakhonde, Mlalang'amba uli mbee pamwamba pa phiri, ndipo anandiwerengera chiganizo chake ndi tochi ya foni: "Bambo uja anapulumutsa dziko lonse, koma mwana wake anakula wopanda bambo." Kenako anandifunsa ngati kunyumba kwa amayi kukadali chithunzi cha agogo aamuna, aja anapita ku Joni osabwerako.