Njere za thonje kwa ng'ombe zimafuna muyezo

Alimi anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, msipu ukauma m'chilimwe ambiri timadalira njere za thonje ndi madeya. N'zothandiza ndithu, koma samalani ndi mafuta ake.

Mafuta a m'njerezi ndi amadzimadzi. Akafika m'chifu chachikulu, tizilombo ta m'menemo timayamba tawaphwanya, kenako n'kuwawonjezera mpweya wotchedwa hydrogen mpaka asanduke olimba. N'chifukwa chake mafuta a nyama ya ng'ombe amaundana akazizira. Ntchitoyi imafuna nthawi. Mafuta akapitirira magawo 6 pa 100 alionse a chakudya chouma, tizilombo togaya udzu timafooka, ng'ombe imachepetsa kudya. Madeya akachulukanso, m'chifu mumawawasa, kusanduka kuja kumathera panjira, ndipo mkaka umatuluka wochepa mafuta.

Ng'ombe ya makilogalamu 400 isadye njere zoposa makilogalamu 2 patsiku. Yambani ndi theka la kilogalamu, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa milungu iwiri. Musazisinje, kuti mafuta asatulukire nthawi imodzi. Udzu kapena mapesi zisasowe m'khola.

Ana a ng'ombe amene sanayambe kubzikula musawapatse njerezi konse, poizoni wa m'thonje wotchedwa gossypol amatha kuwapha. Mbewu yothiridwa mankhwala yobzala nayonso isafike kukhola.