Nkhuku zikayamba kufa, musathamangire mpeni

Alimi anzanga, tonse tikudziwa zomwe zimachitika chitopa chikalowa m'mudzi, makamaka miyezi yotentha ija. Mayi akatsegula khola m'mawa, apeza thadzi lauma kale, ina yangoti zyoli pakona, mapiko ali pansi. Posakhalitsa madzi aterekedwa pamoto, ana akusosola nthenga, zotsalazo zamangidwa miyendo ulendo wa kumsika kuti zikagulitsidwe motchipa zisanafe. Ndimamvetsa, chifukwa sopo, mchere ndi makope a ana zimachokera m'kholamo. Koma chizolowezi chimenechi chimandidetsa nkhawa kwambiri ndikaganiza za chimfine cha mbalame.

Matendawa amafanana ndi chitopa moti ngakhale ife alangizi sitingawasiyanitse ndi maso okha, mpaka nkhukuyo ikayezedwe ku labotale. Nkhuku zimafa zambiri mwadzidzidzi, zina osaonetsa n'komwe kudwala. Zomwe zachedwa kufa zimatupa mutu, kanyama kofiira ka pamutu kaja kamada, zimabanika, zimatsegula m'mimba ndipo zimasiya kuikira. Pomwe pali kusiyana ndi apa: chitopa sichipha munthu, koma chimfine cha mbalame cha mtundu wa H5N1 chimapha. Ku Hong Kong mu 1997 anthu 18 anadwala, 6 anamwalira, ndipo boma linapha nkhuku zonse za kumeneko. Kuyambira 2003, mwa anthu omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti anatenga H5N1, pafupifupi theka anamwalira. Ambiri a iwo anali atagwira, kupha kapena kusosola mbalame zodwala, ntchito yomwe kwathu kuno timapatsa amayi ndi ana.

Musaganize kuti ndi zakutali. Matendawa anafika ku Nigeria ndi ku Egypt mu 2006. Mu 2017 mtundu wina, H5N8, unagwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa, ndipo mu 2023 abale athu okhala ku Joni anaona mazira akusowa m'mashopu nkhuku mamiliyoni zitaphedwa. Kachilomboka kamayenda ndi nkhuku zamalonda, komanso ndi mbalame za m'madzi zomwe zimauluka kuchoka dziko lina kupita lina. Choncho inu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, a kumadambo a Shire ndi ena onse omwe abakha anu amasambira limodzi ndi mbalame zakutchire, nkhaniyi ikukukhudzani koposa. Bakha amatha kukhala ndi kachilomboka iye akuoneka wathanzi, n'kumakasiya m'zitosi pabwalo pomwe nkhuku zikutola chakudya.

Tsono nkhuku zingapo zikafa tsiku limodzi kapena awiri, musadye, musagulitse, musapatseko mnansi. Uzani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo ngati ali kutali, uzani amfumu kapena mlangizi wa zaumoyo kuti uthenga ufike. Zakufazo musazigwire ndi manja. Valani majumbo m'manja, mangani kansalu pakamwa ndi pamphuno, kumbani dzenje lakuya kutali ndi chitsime kapena mjigo, ponyanimo pamodzi ndi nthenga ndi zitosi za m'khola, kwirirani bwino kuti agalu asafukule. Mukatero sambani ndi sopo ndipo zovala zichapidwe. Ana asayandikire.

Ndikupempheni makamaka kuti nkhuku yakufa musaiponyere nkhumba. Nkhumba imatha kutenga chimfine cha mbalame komanso cha anthu, ndipo tizilombo tiwiriti tikakumana m'thupi limodzi timatha kusakanikirana n'kubala mtundu watsopano. Pakadali pano H5N1 sikafala mosavuta kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, ndipo chomwe akatswiri akuopa ndi tsiku lomwe kadzaphunzire kutero. Chimfine cha mu 1918 chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, ndipo kuno kwathu chinafikanso.

Ena mudzati, nanga si moto umapha tizilombo? Zoona, nyama ndi mazira zophikidwa mpaka kupsa mkati momwe sizipatsa matendawa. Koma nkhuku isanafike mumphika yadutsa m'manja mwa woidula khosi, woisosola, wotulutsa matumbo, ndipo madzi otsukira aja athiridwa kuseri kwa khitchini komwe anapiye akusewera. Ngozi ili pamenepo.

Palinso chinthu china chomwe ndimachikakamira pamsonkhano uliwonse: katemera wa chitopa, uja wa I-2 wodonthezera m'diso. Katemerayu sateteza ku chimfine cha mbalame, zimenezo tisanamizane. Koma mudzi womwe umatemera nkhuku zake miyezi inayi iliyonse uli ndi mwayi waukulu, chifukwa nkhuku zotemera zikayamba kufa motsatizana, aliyense amadziwa kuti pali china chachilendo, ndipo mlangizi amathamanga. M'mudzi wosatemera, imfa iliyonse amangoti ndi chitopa, n'kudikira kuti chidutse. Sonkhani ndalama m'magulu anu, botolo limodzi limakwanira nkhuku za mabanja angapo.

Nkhuku yomwe mwagula kumsika kapena mwapatsidwa kuchinkhoswe, isungeni payokha milungu itatu isanasakanikirane ndi zinzake. Venda wobwera ndi njinga ndi dengu lake aime kunja kwa mpanda, mumutulutsire nokha zomwe akufuna kugula, popeza dengu lija ladutsa m'midzi yambiri. Abakha akhale ndi khola lawo. Ndipo nkhuku zisagone m'nyumba momwe mukugona anthu. Ndikudziwa kuti mumaopa akuba ndi afisi, koma khola la m'mwamba lolimba, lomangidwa pafupi ndi zenera lanu, limathetsa nkhawa imeneyo, zitosi zake n'kumagwa pansi pomwe mungazisese mosavuta.

Wina pakhomo akatentha thupi, kutsokomola, kufiira maso kapena kubanika pasanathe masiku 10 chigwirireni nkhuku zodwala kapena zakufa, musayambe ndi mapilitsi a kugolosale. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo mukafika musangoti akumva malungo. Auzeni adokotala kuti kwanu nkhuku zikufa, zinayamba liti, zafa zingati, komanso ndani anazigwira.