Kupempha chipukutamisozi ku VA makutu akamalira

Ndinagwira ntchito yokonza mahelikoputa m'gulu la asilikali a ku America. Chichokereni kumeneko, khutu langa lamanzere limangolira ngati nkhululu usiku ndi usana. Madokotala amati tinnitus.

Anzanga, yambani ndi fomu ya 21-0966, yodziwitsa a VA (nthambi ya boma la America yoona za asilikali akale) kuti mukufuna kupempha chipukutamisozi. Imakupatsani chaka chathunthu chosonkhanitsa mapepala, ndipo akavomera, ndalama amawerenga kuyambira tsiku limene analandira fomuyi. Pempho lenilenilo ndi fomu ya 21-526EZ, pamodzi ndi DD214 yanu, chikalata chimene amakupatsani pochoka ku usilikali.

Vuto ndi lakuti phokosoli mumalimva nokha, choncho mawu anu ndiwo umboni. Lembani kuti linayamba liti, munali pafupi ndi mainjini kapena mfuti ziti, limakusowetsani tulo motani. Mnzanga amene tinkagwira naye ntchito anandilembera kalata yochitira umboni.

Akakuitanani kokayezetsa makutu, musajombe, ndipo musadzilimbitse kuti “zili bwinobwino” monga timachitira amuna.

Pa mulingo wawo wa kulumala, womwe amawerengera ndalama, tinnitus amaipatsa 10 peresenti basi, kaya ndi khutu limodzi kapena onse awiri. Mafomu akakuzunguzani mutu, a DAV kapena VFW, mabungwe a asilikali akale, amathandiza ulere.