Momwe wojambula angapezere chojambula ndi kupitiriza ntchito ngakhale mtima ukukana

Munthu amene amadya za luso lake sangakhale pansi kudikira kuti maganizo amubwerere. Oda imakhala ndi tsiku lake, ndipo dzanja likatha milungu ingapo osagwira pensulo limayamba kulemera. Maganizo abwino ambiri amatulukira ntchito ili mkati, pamene mtundu wina wakana kugwirizana ndi unzake kapena mzere walowera kumene simunayembekezere. Choncho ntchito yanu ndi kukonza zinthu kuti kuyamba kusamavute, ndiponso kuti chimene mwayamba chizifika kumapeto. Malangizowa ndi a ojambula pamanja ndi pensulo, makala kapena penti, koma wosema ndi woumba angatolepo zambiri.

1. Yendani ndi kabuku kotolera zinthu

Pezani kabuku kokwana m'thumba ndi pensulo imodzi yofewa ya 2B. Kasakhale kokongola kwambiri, chifukwa buku lokongola munthu amaopa kulidetsa ndipo limangokhala. Tsiku lililonse jambulanimo chinthu chimodzi chimene mukuchiona ndi maso anu: dzanja litagwira kapu, mthunzi wa mpando, momwe nsalu yakwinyikira pabondo. Mphindi 10 zakwana. Pansi pake lembani deti ndi mawu ochepa onena chimene chinakukokani, monga "kuwala kumbuyo kwa khutu". Pakatha miyezi, mawuwa ndi amene adzakukumbutsani chifukwa chake munaima n'kujambula.

Kamodzi pa sabata tsegulani masamba onse n'kusankha atatu amene akukuyitanani. Kumeneko ndi kumene zithunzi zikuluzikulu zizichokera. Kuyang'ana ntchito za anzanu pa intaneti kumaphunzitsa, koma musayambe nako tsiku. Mumakhala mukuyerekeza ntchito yanu yosayamba ndi ya wina yomalizidwa, ndipo mphamvu zimathera pomwepo.

2. Ikani nthawi, ndipo konzekerani madzulo

Sankhani nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ola limodzi masiku 5 pa sabata limapindula kuposa maola 8 tsiku limodzi, pakuti diso ndi dzanja zimakumbukira za dzulo. Musanachoke pantchito, tsukani maburashi, songolani mapensulo, ndipo lembani pakapepala chinthu chimodzi chodzayambira mawa: "kuda mthunzi wa pansi pa chibwano". Kulibwino kusiya pamene mukudziwa chotsatira kusiyana n'kusiya mutasowa chochita.

Mphindi 10 zoyambirira zikhale zotenthetsa dzanja. Jambulani munthu kapena chinthu m'masekondi 30, kenako mphindi 2, papepala lotaya. Foni ikhale kuchipinda china.

3. Dzimangeni dala

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Amaganiza kuti maganizo auma chifukwa zojambula zatha, pamene vuto ndi lakuti zosankha zachuluka. Pepala loyera limene mungaikepo chilichonse limafoola. Mukadziikira malire, mutu umayamba kugwira ntchito.

Njira yoyamba ndi kutenga chinthu chimodzi n'kuchijambula maulendo 10 kapena 12, pa kukula kumodzimodzi, mukusintha chinthu chimodzi chokha ulendo uliwonse: nthawi ya tsiku, mbali imene mwaima, kapena mtundu waukulu. Wojambula wa ku France Claude Monet anajambula kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Rouen ku France maulendo oposa 30 pakati pa 1892 ndi 1894. Nyumba inali yomweyo, chimene ankatsata ndi kusintha kwa kuwala. Pa zanuzo, zithunzi zitatu zoyambirira zimatuluka monga aliyense angajambulire. Mukadutsa pamenepo, zodziwikiratu zimakhala zatha ndipo mumayamba kuona zanuzanu. Musalekere pa chachinayi chifukwa chotopa nacho. Pamenepo ndi pamene phindu layandikira.

Njira yachiwiri ndi kuchepetsa mitundu. Yesani inayi yokha: woyera, wakuda, wofiira ndi wachikasu wa dothi wotchedwa yellow ochre. Ojambula amaitchula mitunduyi ndi dzina la Anders Zorn, wojambula wa ku Sweden. Wakuda mukausakaniza ndi woyera n'kuuika pafupi ndi wofiira umaoneka ngati wabuluu, ndipo ukasakanizidwa ndi ochre umapereka wobiriwira wofatsa. Mitundu ikachepa chithunzi chimagwirizana chokha, ndipo mumaphunzira kusakaniza m'malo motsegula chubu chatsopano nthawi zonse.

4. Yesani pang'ono musanapite pakanivasi

Jambulani timabokosi 6 ta masentimita 5, ndipo m'kalikonse ikani chithunzi chanucho mosiyana, ndi magawo atatu okha: powala, papakati ndi pakuda. Osalowa mu maso, zala kapena masamba. Kamene kakuoneka bwino mukakayang'ana motsinzina pang'ono ndi kamene mutenge. Mphindi 20 zimenezi zimapulumutsa masiku, chifukwa chithunzi chimene kuwala ndi mdima wake sizinakhale bwino sichikonzeka ndi kukongoletsa.

5. Pirirani pakati pa ntchito

Chithunzi chilichonse chimafika poipa. Mitundu yoyamba yaikidwa, kukoma kwa mizere yoyambirira kwakwiririka, ndipo mapeto sakuoneka. Ambiri amachisiya apa n'kuyamba china, mpaka chipinda kudzaza ndi ntchito zosamaliza. Musachiweruze, chifufuzeni.

Bwererani m'mbuyo mamita 3. Chiyang'aneni pagalasi loonera nkhope: diso lazolowera zolakwa, koma chithunzi chikatembenuka, mphuno yopendekeka kapena phewa lotsika zimaonekera nthawi yomweyo. Chijambuleni pafoni n'kuchotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera. Chikaoneka chotuwa paliponse, vuto si mitundu koma kuti powala ndi pakuda sizikusiyana. Kenako lembani zokonza zitatu zokha, kuyambira yaikulu. Mukasowabe chochita, chitembenuzireni kukhoma masiku atatu.

Kumbukiraninso khalidwe la penti yanu, kuti musadziimbe mlandu pa zinthu zachibadwa. Penti ya acrylic imada pang'ono ikauma, pamene penti yamadzi ya watercolour imayera. Mitundu ikamasanduka yamatope, kawirikawiri mwasakaniza yambiri nthawi imodzi, burashi ndi yakuda, kapena mukupaka pamwamba pa penti yosauma.

6. Khalani ndi ntchito ziwiri kapena zitatu pa magawo osiyana

Penti yamafuta imatenga masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, kuti igwirike. Amene ali ndi chithunzi chimodzi amalephera kudikira, amachigwiragwira mpaka kuchiwononga. Khalani ndi china choyamba kumene, china chapakati, china chomalizitsa, ndipo musapitirire zitatu. Pa penti yamafuta, yoyamba ikhale yopyapyala ndi ya mafuta ochepa, yapamwamba ya mafuta ochulukirapo. Mukatembenuza ndondomekoyi, yapamwamba imauma msanga pamene yapansi ikadasuntha, ndipo chithunzi chimang'aluka. Vanishi womaliza adikire miyezi 6 kapena kuposerapo.

Zikakanika ndithu, sinthani chida. Wa burashi yaing'ono atenge yaikulu, wa pensulo atenge makala. Wojambula wa ku France Henri Matisse atachitidwa opaleshoni mu 1941 sankatha kuimirira nthawi yaitali, ndipo anayamba kudula ndi sizasi mapepala opakidwa penti. Ntchito zimenezo lero zili m'gulu la zake zodziwika kwambiri.

7. Maoda asadye ntchito yanu yonse

Maoda ndi amene amabweretsa ndalama, koma ndi amenenso amazimitsa chikondi cha ntchito ngati alibe malire. Musanayambe, gwirizanani polemba za kukula kwa chithunzi, tsiku lopereka, ndi kuchuluka kwa maulendo amene kasitomala angapemphe kusintha. Awiri ndi okwanira. Landirani gawo la ndalama poyamba, ambiri amatenga theka. Muonetseni kachithunzi koyesera avomereze penti isanakhudze kanivasi, chifukwa kusintha pamenepo n'kosavuta. Pa tsiku lopereka onjezerani nthawi youmira.

Ndiye sungani tsiku limodzi pa sabata, kapena ola loyamba la tsiku, la ntchito yanuyanu imene palibe anaitanitsa. Anthu amaitanitsa zimene aona. Mukamaonetsa maoda okhaokha, mudzalandira maoda a mtundu womwewo mpaka kalekale.

8. Malizani, sungani mbiri, samalani thupi

Dziikireni tsiku lomaliza ngakhale pa ntchito yanuyanu. Mukaona kuti mukungosuntha tinthu popanda chithunzi kusintha mukachiyang'anira patali, chatha. Sainani, lembani kumbuyo dzina la chithunzi, chaka, kukula kwake ndi penti imene mwagwiritsa, kenako chijambuleni ndi kamera pa kuwala kwa masana pamthunzi. Cha makala chipopereni mankhwala omatira makala papepala otchedwa fixative chisanafufutike. Miyezi itatu iliyonse yalani ntchito zonse pamodzi, muone chimene chikubwerezeka. Kawirikawiri mutu wa ntchito yotsatira umakhala uli pomwepo.

Ola lililonse imirirani, wongolani msana ndi dzanja, ndipo pumitsani maso poyang'ana patali. Zosungunulira penti monga turpentine ndi thina zimafuna mawindo otsegula. Mutu ukayamba kuwawa, tulukani. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene amakhala mu penti yamafuta, musaziunjike pamodzi, chifukwa mafutawa amatulutsa kutentha akamauma ndipo mulu ungathe kuyaka wokha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi, kapena ziviikeni m'madzi m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro.