Kuphunzitsa Chingerezi m'kalasi ya ana osiyana luso

Mwafunsa, aphunzitsi anzanga, mmene mungaphunzitsire Chingerezi kusekondale pamene ana amalankhula zinenero zosiyanasiyana, ena akuchidziwa bwino, ena pang'ono chabe.

Sabata yoyamba muwayese kaye: aliyense alembe ndime imodzi, awerenge mokweza, mucheze naye mphindi ziwiri. Musanyengedwe ndi mwana wolankhula mosadodoma. Katswiri wofufuza za kaphunziridwe ka zinenero, Jim Cummins, anapeza kuti chinenero chochezera chimagwira m'zaka pafupifupi 2, pomwe cha m'mabuku chimafuna zaka 5 mpaka 7.

Kenako sankhani nkhani imodzi ya kalasi yonse, koma ntchito isiyane. Ongoyamba kumene apatseni mawu ofunika ochepa, zithunzi ndi ziganizo zoti amalizitse. Apakati ayankhe mafunso. Odziwa alembe maganizo awo, ngakhale kutsutsana ndi wolemba nkhaniyo.

Asanalembe, aloleni akambirane m'chinenero chawo. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri, chifukwa mwana amene mfundo waimvetsa amangosowa mawu, ndipo mawuwo inu mungamupatse.

Pochonga, lozani zolakwa za mtundu umodzi wokha pa nthawi. Magulu muziwasintha pakapita milungu ingapo, kuopa wina angakhazikike m'gulu lotsalira chaka chonse.