Momwe mungaonere ndi kuyesa ma cookie pa ma tesiti a Selenium

Selenium ndi chida choyendetsera brawuza kudzera mu pulogalamu poyesa mawebusayiti, ndipo cookie ndi kauthenga kamene webusayiti imasunga mu brawuza kuti izikukumbukirani. Apa ndigwiritsa ntchito Python, koma a Java musadandaule, zambiri n'zofanana, chosiyana makamaka ndi kalembedwe ka maina.

Choyamba tsegulani webusayiti yomwe mukuyesa ndi driver.get (driver ndi chomwe chimayendetsa brawuza mu Selenium) kenako lowani ndi akaunti yoyesera. Musathamangire kuwerenga cookie mukangodina batani lolowera, nthawi imeneyo seva imakhala isanayankhe, ndiye ikani WebDriverWait kuti tesiti idikire mpaka tsamba lotsatira lioneke, apo ayi tesiti yanu izidutsa lero mawa n'kugwa inu osadziwa chavuta n'chiyani.

Mukatero itanani driver.get_cookies() ikupatsani ma cookie onse a tsambalo. Ngati mukufuna imodzi yokha pali get_cookie, mumangoipatsa dzina, ikapanda kuipeza imabweza None.

Ena amakonda kuwerenga document.cookie kudzera pa JavaScript, ine ndimati ayi. Cookie iliyonse yokhala ndi HttpOnly, chizindikiro choletsa JavaScript kuiwerenga, siioneka kumeneko, chikhalirecho cookie ya logini ndi imene imayenera kukhala nayo, ndiye mungayambe kukalipira anzanu a seva kuti sakutumiza cookie pomwe ilipo bwinobwino. Driver imaziona zonse.

Tsopano muyese chiyani? Osati value (zolembedwa mkati mwa cookie), imeneyo imasintha nthawi iliyonse munthu akalowa. Onani kuti httpOnly ndi True, secure (kuti cookie izitumizidwa pa HTTPS pokha) ndi True, komanso sameSite (yonena ngati cookie ingatumizidwe pempho likachokera ku webusayiti ina) ili momwe munagwirizanirana ndi anzanu a seva. Kuyambira Chrome 80 mu 2020, cookie yosanena kalikonse pa sameSite imatengedwa ngati Lax (yosatumizidwa pa mapempho ambiri ochokera ku mawebusayiti ena), ndipo yolembedwa None koma yopanda Secure brawuza imangoikana, moti siifika n'komwe pa mndandanda wa get_cookies() uja. Expiry, nthawi yomwe cookie idzathere, ndi masekondi owerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970, muifananize ndi time.time(). Cookie ya session, imene imatha brawuza ikatsekedwa, ilibe expiry, mukaifunsa mwachindunji tesiti igwa ndi KeyError. Chinanso, Chrome simalola cookie kupitirira masiku 400, kaya seva yanena zaka khumi.

Kuika cookie nokha ndi add_cookie kumathandiza kuti ma tesiti ena asamalembe pasiwedi nthawi zonse, koma muyambe mwatsegula tsamba lililonse la domeni yomweyo, kupanda kutero mulandira InvalidCookieDomainException. Mukaika, chitani driver.refresh().

Chomaliza ndi kutuluka, ndipo apa ndi pomwe ambiri amachita ulesi. Sungani cookie ya logini ija musanatuluke, dinani logout, onani kuti yachoka. Kenako ibwezereni yakale yomweyo ndi add_cookie n'kuyesa kutsegula tsamba lofuna logini. Mukapezeka mwalowa, ndiye kuti seva inangofufuta cookie mu brawuza koma ku seva session, kulowa kwanu kuja, ikadali yamoyo, aliyense amene anaikopa angalowe ngati inu, tesiti imeneyo igwe ndithu.

Pakati pa ma tesiti itanani delete_all_cookies(), kungoti imachotsa za domeni yomwe mwatsegula panthawiyo zokha, ngati pulogalamu yanu imadutsa madomeni awiri bola mungotsegula brawuza yatsopano.